Mbewu zamakono pa minda yaing'ono ya ku Masambanjati: mbiri ya tiyi, chimanga ndi nthochi

Masambanjati ndi dera la kummwera kwa boma la Thyolo, ndipo dzina lomweli ndi limene unduna wa zaulimi unapatsa chimodzi mwa zigawo zake za ulangizi, zimene alimi ndi alangizi amazitchula mwachidule kuti EPA, kutanthauza dera lokhala ndi ofesi imodzi ya zaulimi yoyang'anira alangizi a m'midzi yozungulira. Malowa ndi a zitunda ndi zigwa, kumene minda yambiri inapendekeka m'mbali mwa mapiri, ndipo kuwonjezera pa mvula ya dzinja, m'miyezi yozizira kumagwa mvula yamawawa ya chiperoni, imene imabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique n'kusiya chinyontho m'nthaka pa nthawi imene madera ena auma kale. Chinyontho chimenechi ndicho chinakopa azungu olima tiyi, ndiponso ndicho chinachititsa kuti nthochi zikhale chuma cha anthu a m'midzi. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, pa malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 1,700, amene gawo lalikulu la nthaka yake yabwino lili m'manja mwa maesiteti. Popeza mlimi wa kuno alibe poti n'kufutukulira munda wake, chimene watha kusintha kwa zaka zonsezi ndi mbewu imene amaika m'nthaka, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya mitundu yatsopano ya mbewu imalemera kuno kuposa m'madera a minda yotakasuka monga Kasungu kapena Mchinji.

Kuchepa kwa minda kunayamba ndi zikalata za umwini wa malo zimene Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, anapereka kwa azungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Malo aakulu amene Eugene Sharrer anatenga anadzakhala a kampani ya British Central Africa Company, ndipo Amang'anja amene ankakhala pamalowo, pamodzi ndi Alhomwe amene ankawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, anasanduka alendo ofunika kulipira malo okhalapo pogwira ntchito ya thangata, imene inali ntchito yokakamiza yogwirira mwini esiteti m'miyezi yomwe mlimi amafunika m'munda mwake. Sidney Abrahams, amene anafufuza za malo mu 1946, analangiza boma kuti ligule malo osalimidwa a maesiteti, koma kugulako kunayenda pang'onopang'ono, ndipo mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene zinafalikira m'maboma oyandikana n'kuphetsa anthu 11. Thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962, koma malire a maesiteti sanasunthe kwenikweni. Ngakhale ntchito ya Kudzigulira Malo, imene pakati pa 2004 ndi 2011 inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ambiri a iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena, sinachepetse kupanikizika kwa amene anatsala, popeza munda wa mayi umagawidwabe kwa ana aakazi malinga ndi mwambo wa chikamwini, ndipo mbadwo uliwonse umalandira kachigawo kocheperapo.

Pa kamunda kotere mbewu sizinkabzalidwa pazokha. Mzere umodzi unkanyamula chimanga, nyemba, nandolo ndi maungu, m'malire munali chinangwa chopangira makaka, pena kalongonda amene Alhomwe amadziwika naye, ndipo m'zigwa ndi kuseri kwa nyumba munali nthochi. Mbewu sinali chinthu chogula. Mayi ankasankha zisononkho zazikulu za chimanga n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze kwa anankafumbwe, ndipo munthu wofuna kubzala nthochi ankangopita kwa mbale wake kapena mnansi n'kukakumba ana a nthochi, amene ndi mphukira zotuluka m'mbali mwa phata. Kupatsana kumeneku kunali mbali ya ubale, moti kumana mnzako mbewu chinali chinthu chochititsa manyazi, ndipo mwambo womwewu, umene unasunga mitundu ya makolo kwa zaka zambiri, ndi umene unadzafalitsa matenda amene anagwetsa nthochi za m'derali.

Mbewu imodzi yopangidwa ndi akatswiri imene alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo anaidziwa bwino inali ya tiyi. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anabzala mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre, ndipo anafika ku Thyolo pa esiteti ya Bandanga cha m'ma 1908, kenaka maesiteti ena monga Satemwa, imene Maclean Kay anakhazikitsa mu 1923, anatsatira. Tiyi wakaleyo anali wofesa kuchokera ku njere, motero tchire lililonse linali ndi khalidwe lakelake: lina lobereka kwambiri, lina laulesi, lina la masamba opereka chakumwa chofiira bwino, lina losakoma. Kuyambira mu 1956 ofufuza a ku Mulanje, motsogozedwa ndi R.T. Ellis, anayamba kusankha matchire abwino koposa n'kumawachulukitsa podula kanthambi ka tsamba limodzi n'kukazika m'kathumba ka dothi, kuti mbande iliyonse ikhale yofanana ndendende ndi tchire limene yachokera. Tiyi wotereyu ndiye amatchedwa wa makoloni. Mitundu yoyamba, monga SFS 150 ndi SFS 204, inasankhidwa m'minda ya pa siteshoni ya kafukufuku ya Swazi, ndipo ina yotsatira, monga PC 108, inabadwa pokwatitsa matchire awiri osankhidwa. Ntchitoyi inapitirira pansi pa bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili ku Mimosa m'boma la Mulanje.

Chaka chotsatira, mu 1967, boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority kuti Amalawi, amene kale ankangothyola tiyi wa azungu, azilima wawo, ndipo bungweli linkapereka mbande ndi feteleza pa ngongole, kutumiza alangizi ndi kugula masamba. Chodabwitsa n'chakuti kuchedwa kulowa mu ulimiwu kunawapindulira alimi ang'onoang'ono pa mbali imodzi, chifukwa minda yawo yambiri inabzalidwa pamene mitundu yosankhidwa inali itapezeka kale, pomwe maesiteti anali ndi mahekitala ambiri a tiyi wakale wa njere amene kumuzula ndi kubzalanso kumadya ndalama zochuluka. Komabe zokolola za mlimi wamng'ono pa hekitala zakhala zotsika kuyerekeza ndi za esiteti, ndipo chifukwa chake si mtundu wa tiyi ayi, koma mipata ya matchire akufa imene sinabzalidwenso, feteleza wosakwanira, kusowa kwa mthirira, ndi kuthyola mosatsata nthawi pamene banja lapita ku ganyu. Bungwe lija linafooka m'zaka za m'ma 1990, malipiro a masamba ankachedwa miyezi, ndipo mu 2002 linaphatikizidwa ndi kampani ya fakitale ya alimi n'kukhala Smallholder Tea Company, pamene alimi ambiri anayamba kugulitsa masamba awo ku mafakitale a maesiteti kudzera m'magulu awo, monga Msuwadzi amene amagwira ntchito ndi Satemwa. Mbande ya tiyi imakhala ku nazale kupitirira chaka, ndipo ikawokedwa imatenga zaka zitatu kapena kuposerapo kuti iyambe kupereka masamba oti n'kupita nawo ku sikelo, motero banja la theka la hekitala likamalingalira zobzala mtundu watsopano limawerengera kaye nsima ya zaka zodikirazo.

Nkhani ya chimanga inayenda njira ina, chifukwa woweruza wake sanali fakitale koma mayi wa pamtondo. Chimanga cha makolo n'cholimba njere, ndipo chikakonoledwa, kutanthauza kusinjidwa mumtondo kuti gaga achoke, chimasiya mphale yambiri yopangira ufa woyera, komanso chimakhalitsa m'nkhokwe osafumbwa msanga. Mitundu ya haibulidi imene inkafalitsidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, monga SR52 wochokera ku Rhodesia ndi MH12, inali ya njere zofewa zimene zinkaphwanyika pokonola n'kutayika pamodzi ndi gaga, ndipo anankafumbwe ankailowa isanathe miyezi ingapo, kotero kuti mlimi amene ankailima ankailimira msika wa ADMARC, osati mphika wa pakhomo pake. Akuluakulu ena a nthawiyo ankaona ngati alimi akungoumirira zachikale, koma kuwerengera kwa amayi kunali kolondola, popeza thumba lochuluka m'munda limene likuchepa mumtondo silinapindulitse banja. Zinthu zinasintha mu 1990, pamene ofufuza a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT la ku Mexico, anatulutsa MH17 ndi MH18, mitundu ya haibulidi ya njere zolimbirako imene inkakonoleka pafupifupi ngati chimanga cha makolo, ndipo MH18, pokhala yocha msanga, inalandiridwa bwino kummwera.

Chotchinga chimene chinatsala chinali ndalama, chifukwa haibulidi, pokhala mbewu yobadwa pokwatitsa makolo awiri osiyana, imachepa mphamvu ikabwerezedwa, choncho imafunika kugula chaka ndi chaka pamodzi ndi feteleza. Ngongole za makalabu a alimi zinagwa pakati pa 1993 ndi 1994, pambuyo pa chilala cha 1992 ndi kusintha kwa ndale, ndipo kuyambira pamenepo mbewu yamakono yakhala ikufika m'midzi makamaka kudzera m'mapologalamu a boma. Ndondomeko ya Starter Pack ya 1998 inkapatsa banja lililonse makilogalamu 2 a mbewu ya chimanga, makilogalamu 15 a feteleza ndi kambewu ka mtundu wa nyemba, zokwanira gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala, muyeso umene kwa mlimi wa ku Masambanjati sunali wochepa kwenikweni poyerekeza ndi munda wake. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika, amene kwawo kunali ku Thyolo komweko, linayambitsa makuponi a zipangizo zotsika mtengo, ndipo ndondomekoyi inalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa AIP mu 2020. M'zaka zimenezi maina monga Kanyani, Mkango ndi Njovu, amene kampani ya Seed Co inapatsa mitundu yake malinga ndi kutalika kwa nthawi yokhwimira, analowa m'chilankhulo cha alimi, pamodzi ndi kabzalidwe ka Sasakawa ka njere imodzi paphando. Kabzalidwe kothithikana kameneka kamalimbana ndi nandolo, nyemba ndi maungu zimene zimafunanso malo pa mzere womwewo, ndipo alimi ambiri a minda yaing'ono anakatsata mwa theka.

Nandolo akusonyeza kuti si mbewu yonse yatsopano imene imachokera ku siteshoni. Ofufuza anatulutsa Sauma mu 1987 pofuna kuthana ndi matenda ofotetsa nandolo, kenaka Kachangu ndi Mwayiwathualimi, mothandizana ndi bungwe la ICRISAT, koma mtundu umene unafalikira kwambiri m'maboma a kummwera ndi Mthawajuni, umene alimi anapatsana okha chifukwa umacha msanga ndipo mitengo yake ikuluikulu imapereka nkhuni, chinthu chosowa m'dera limene nkhalango zake zinatha. Mtengo wa nandolo utagwa mu 2016 ndi 2017, pamene dziko la India linakolola wambiri n'kuika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo, mlimi wa mtundu wamakono ndi wa mtundu wamakolo analira chimodzimodzi.

Koma mbewu imene inamanga nyumba za malata ndi kulipira sukulu ku Masambanjati, Molere ndi Thekerani inali nthochi. Ubwino wake unali woti imabereka chaka chonse, moti banja linkadula mkoko sabata ino, wina sabata ya mawa, osadikira nyengo yokolola, ndiponso mizu ndi masamba ake akufa zinkagwira nthaka ya m'malo otsetsereka kuti isakokoloke. Mavenda ankabwera ndi malole kudzapikula mikoko kupita nayo ku Limbe, Blantyre ndi Lilongwe, ndipo amayi ankagulitsa mapava a nthochi zakupsa m'mbali mwa msewu. Mitundu imene msika unkaifuna inali Kabuthu, nthochi yaifupi msinkhu, ndi Mulanje, yotalikirapo, ndipo yonse iwiri ndi ya gulu la Cavendish, limenenso ndilo limagulitsidwa kwambiri pa dziko lonse; Sukali ndi mitundu yolimba monga Makumbuka inkalimidwa mocheperapo. Kudalira gulu limodzi kumeneku kunali ndi ngozi yake, chifukwa nthochi sizibereka njere, ndipo phata lililonse la Kabuthu ndi thupi limodzi ndi phata limene linachokera, kotero kuti nthenda imene yagonjetsa limodzi ingathe kugonjetsa onse.

Nthendayo inali chisaka, imene imayamba ndi kachilombo ka vairasi ndipo imafalitsidwa ndi nsabwe zakuda za nthochi, tizilombo ting'onoting'ono tobisala m'makoko a tsinde ndi m'munsi mwa masamba aang'ono, kawirikawiri potetezedwa ndi nyerere zimene zimadya timadzi totsekemera totuluka mwa nsabwezo. Nthochi yogwidwa imatulutsa masamba aafupi, opyapyala ndi oimirira, othithikana pamwamba pa tsinde, achikasu m'mphepete, ndipo munthu akayang'anitsa kunsi kwa tsamba pa dzuwa amaona timizere ndi timadontho tobiriwira kwambiri motsata mitsempha. Mphukira yochokera pa phata lodwala imapinimbira ndipo siibereka konse. Matendawa anadziwika kalekale ku zilumba za Fiji, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anasakaza minda ya ku Australia, kumene C.J.P. Magee anatsimikiza kuti nsabwe ndizo zimawanyamula. Ku Malawi anaoneka koyamba cha m'ma 1994 m'boma la Nkhotakota, akatswiri anawatsimikiza mu 1997, ndipo pasanathe zaka zambiri anali atafika ku Nkhata Bay, Mulanje ndi Thyolo. Nsabwe zimanyamula kachilomboka kuchoka pa munda kupita pa munda woyandikana, koma mtunda wautali kanayenda pamutu ndi panjinga, mu ana a nthochi ooneka athanzi amene anthu ankapatsana mwaubale, popeza mphukira ingathe kukhala ndi kachilombo kwa masabata angapo isanaonetse chizindikiro chilichonse. Mitundu ya Cavendish ndiyo inagwa msanga, ndipo misika ya m'mizinda, imene kale inkadya nthochi za ku Thyolo, inayamba kudalira zochokera ku Tanzania ndi Mozambique.

Chisaka chilibe mankhwala, ndipo uphungu wa alangizi unali umodzi: kupha nsabwe poyamba, ndi mankhwala kapena madzi a sopo, kuti zisathawire ku nthochi zina, kenaka kuzula phata lonse, kuduladula chitsa chake kuti chisaphukenso, kusiya munda wopanda nthochi kwa miyezi ingapo, n'kubzala mbewu yopanda matenda. Uphunguwu unali woona, koma unakumana ndi kukana kwakukulu, ndipo kukanako kunali ndi zifukwa zomveka. Phata lakale la nthochi ndi lalikulu, lozama, lofuna masiku a khasu ndi piki, ntchito yosatheka kwa mayi wokalamba wolera adzukulu; phata limene mbali ina yadwala limapitirizabe kupereka mkoko apa ndi apo, ndipo kulizula kunali kutaya ndalama ya sopo ndi mchere ya lero chifukwa cha lonjezo la chaka chamawa; komanso m'madera ena alimi anazula mbewu yatsopano isanafike, ndipo amene anaona zimenezi anaphunzirapo kudikira. Chovuta koposa chinali choti kuzula kumathandiza pokhapokha mudzi wonse ukachitira pamodzi, chifukwa phata limodzi lodwala lotsala kuseri kwa chimbudzi cha mnansi kapena m'mbali mwa manda likwanira kubwezera matenda m'minda yonse yoyeretsedwa. Ku Australia vutoli linachepa chifukwa cha malamulo okhwima ndi oyendera minda olipidwa ndi boma, pomwe ku Thyolo katundu ameneyu anasenzetsedwa mafumu ndi makomiti a m'midzi, amene anayenera kukakamiza abale awo enieni.

Mbewu imene inabwera kudzalowa m'malo inali yochulukitsidwa m'labotale, kumene katswiri amatenga kachidutswa ka pamtima pa mphukira yoyezedwa kuti ilibe kachilombo, n'kukameretsa m'botolo mpaka katabala timbande tambirimbiri, timene timakakhwimitsidwa m'nyumba ya ukonde yosalowa nsabwe tisanaperekedwe kwa alimi. Siteshoni ya kafukufuku ya Bvumbwe, imene ili m'boma lomweli la Thyolo ndipo imayang'anira kafukufuku wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, inakhala pakati pa ntchitoyi, ndipo mbande zina zinachokera kunja kwa dziko. Pologalamu ya KULIMA, imene inayamba mu 2017 ndi thandizo la European Union ndipo Thyolo anali mmodzi mwa maboma ake khumi, pamodzi ndi gawo lachiwiri la pologalamu ya boma ya ASWAp, zinafalitsa mitundu monga Williams ndi Grand Nain kudzera m'sukulu za alimi za m'munda, kumene gulu limaphunzira poyesa lokha pa munda wachitsanzo, ndi m'minda ya gulu yochulukitsira mbewu, imene wolandira amayenera kupatsirako anzake mphukira. Alimi anaphunziranso kuchulukitsa okha mbewu poika chitsa chathanzi, chosendedwa bwino, m'bokosi la utuchi wonyowa lofunditsidwa pulasitiki, mmene chimatulutsa mphukira zambiri pa miyezi yochepa. Kasamalidwe nako kanasintha, chifukwa nthochi imene kale inkangosiyidwa kuti ichulukane yokha tsopano imafuna dzenje lalikulu la manyowa, mpata wa mamita atatu, kuphimbira ndi zinyalala, ndi kupatulira kuti paphata patsale zitatu zokha, zimene alangizi amazitcha mayi, mwana ndi mdzukulu.

Mikoko ya Williams wosamalidwa motere ndi yaikulu, ndipo alimi amene anayambirira kukolola anapeza msika wanjala ndi mitengo yabwino, ena n'kumapindulanso pogulitsa mphukira zenizenizo, chinthu chimene makolo awo sakanachiganizira. Koma pali kusamvetsetsana kumodzi kumene kwabweretsa madandaulo: mbewu ya m'labotale ndi yopanda matenda pa tsiku lobzala, osati yosagwidwa matenda, ndipo Williams ndi Grand Nain ndi a gulu lomwe lija la Cavendish limene chisaka chimalikonda. Palibe mtundu wa nthochi wolimidwa umene wapezeka kuti sugwidwa konse, motero munda watsopano umafuna kuyenderedwa sabata ndi sabata, ndipo nthochi iliyonse yokayikitsa iyenera kuzulidwa tsiku lomwelo, ngakhale ikhale itatsala pang'ono kubereka. Namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula mapiri ndi kukokolola minda m'maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, anawononga mbewu zambiri za m'zigwa, kumene nthochi zimakonda, ndipo mlimi wofuna kubzalanso mofulumira amakopeka kukakumba mphukira pafupi, kwa mbale, monga kale. Alangizi a boma ndi ochepa poyerekeza ndi mabanja amene aliyense ayenera kuwafikira, choncho ntchito yozindikira chisaka, kulembera minda imene mphukira zake zingagulitsidwe ndi kuletsa mbewu yosadziwika kochokera kulowa m'mudzi yatsalira kwambiri alimi otsogolera ndi mafumu.